Netiweki ya waya ikamaduka pamene palibe akuigwiritsa ntchito

Dandaulo ili ndalimva kangapo, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka ku Bangula, ndipo limafanana paliponse. Kompyuta ndi yolumikizidwa ndi waya, osati Wi-Fi. M'mawa yayamba bwinobwino. Munthu wangodzuka pang'ono kukathandiza kasitomala, pobwera apeza kachizindikiro ka netiweki kasintha, ndipo asanagwire chilichonse, pakatha masekondi atatu kapena asanu, zabwerera zokha. Koma fomu imene amadzaza pa intaneti yapita, printer ya pa netiweki yasowa, ndipo a kampani ya intaneti akaimbiridwa akuti kumbali kwawo zonse zili bwino.

Mayi wina amene ali ndi shopu yosindikiza mapepala pa Nchalo adali atagula kale router yatsopano asanandiitane. Nditafika adandiuza kuti: "Achimwene, chondidabwitsa n'chakuti tikamatsitsa zinthu zikuluzikulu siiduka ayi. Imaduka ikangokhala." Mawu amenewo ndiwo adandilozera kumene kudali vuto. Waya woonongeka amakonda kuvuta akamanyamula katundu wambiri. Netiweki yoduka ili chikhalire imakhala kuti yagona, ndiye yalephera kudzuka bwino.

Kugona kumeneku adakupanga dala. Mu 2010 bungwe la IEEE, limene limakhazikitsa malamulo a kagwiridwe ka zipangizo za netiweki, lidavomereza lamulo lotchedwa 802.3az, limene ambiri amalidziwa kuti Energy Efficient Ethernet, mwachidule EEE. Lisanabwere lamuloli, khadi ya netiweki (kachipangizo ka m'kompyuta kamene timalowetsapo waya) ndi switch (kabokosi kamene mawaya a makompyuta amakumanirapo) zinkatumizirana zizindikiro nthawi zonse, kaya pali uthenga kaya palibe, ndipo magetsi ankangotha chimodzimodzi. EEE imati pakakhala palibe chotumiza, mbali yotumiza iuze inzake kuti ikupuma, kenako izimitse zigawo zina zamkati. Kupumako amakutcha Low Power Idle, kapena LPI. Pakapita kanthawi imatumiza kachizindikiro kotsitsimutsa kuti mbali inayo isataye kayendedwe ka wotchi, ndipo uthenga ukabwera imadzutsa mnzakeyo n'kutumiza. Pa waya wa gigabit, kutanthauza liwiro la 1,000 Mbps, kudzukako kumayenera kutenga ma microsecond pafupifupi 16.5, kanthawi koti munthu sangakamve n'komwe. Zonsezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi.

Zikayenda bwino simudziwa kuti EEE ilipo. Koma mbali imodzi ikadzuka mochedwa, kapena waya akakhala wofooka moti kachizindikiro kotsitsimutsa sikafika bwino, mbali ziwirizo zimasemphana. Zikatero zimataya kulumikizana konse n'kuyambiranso kugwirizana za liwiro kuchokera pachiyambi, ndipo kugwirizanako kumatenga masekondi angapo. Masekondi amenewo ndi aja amakutayitsani fomu.

Chinthu chimodzi choti musunge: EEE imagwira pokhapokha mbali zonse ziwiri za wayayo zitalengeza kuti zimaidziwa. Mukaizimitsa mbali imodzi, yazima pa waya yenseyo. N'chifukwa chake ngakhale switch yanu ili ya mtundu wopanda poisinthira, ija timangolowetsa mawaya basi, mutha kuthetsa vutoli muli pa kompyuta.

Musanaizimitse, tsimikizani kuti vuto lili mkati mwa ofesi

Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani `ipconfig`, muone nambala imene ili pa Default Gateway. Imeneyo ndi router yanu. Kenako lembani izi, posintha nambalayo kuti ikhale yanu:

`ping -t 192.168.1.1`

Ping imatumiza kauthenga ku router sekondi iliyonse n'kukuonetsani ngati yayankha. Zisiyeni zikuyenda, inu muzigwira ntchito zina. Intaneti ikaduka koma ping yopita ku router ikuyankhabe, vuto lili kunja, kwa amene amakupatsani intaneti, ndipo EEE ilibe mlandu. Ping ikasiya kuyankha pa nthawi yomweyo, vuto lili pakati pa kompyuta, waya, switch ndi router. Ena amaganiza kuti ping imathandiza kuti waya asagone. Siithandiza: uthenga umodzi pa sekondi ndi wochepa kwambiri, waya amagona n'kudzuka pakati pake. Ping ndi mboni chabe. Mukafuna kuyesa waya ali kalikiliki, koperani fayilo yaikulu kuchokera pa kompyuta ina ya mu ofesi momwemo, muone ngati ingaduke.

Kenako yang'anani timagetsi ta pa switch nthawi imene yaduka. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka kuno kwathu, chifukwa magetsi amazimazima ndipo maofesi ambiri amadalira inverter. Ngati timagetsi tonse ta pa switch tazima limodzi n'kuyakanso limodzi, switch yazima yokha. Mwina inverter imachedwa kulandira katundu magetsi akathima, mwina adapter ya switch idapsa n'kulowetsedwa ina ya mphamvu yochepa. Zimenezo zimafuna UPS (kabokosi ka batire kolandira katundu nthawi yomweyo magetsi akathima) kapena adapter yoyenera, osati kusintha za mu kompyuta. Koma ngati kamagetsi ka port (polowetsa waya) imodzi yokha ndi kamene kazima, tina tonse tili chiyakire, ndiye tatsala ndi waya, khadi ndi EEE.

Waya ndimufotokoze pang'ono, chifukwa kuno kuchigwa amavutika kuposa kumtunda. Gigabit imagwiritsa ntchito timawaya tonse tisanu ndi titatu ta mkati, pamene 100 Mbps imangofuna tinayi. Mukaona kompyuta ya gigabit yalumikizika pa 100 Mbps pa switch ya gigabit, kayikirani kuti kawaya kena kaduka kapena mutu sudamangidwe bwino. Malire a mamita 100 amene timawadziwa adawerengedwa pa kutentha kwa madigiri 20. Waya akatentha, zizindikiro zimafooka msanga. Tsono taganizirani waya amene wadutsa m'denga la malata pa Ngabu mwezi wa Okotobala kapena Novembala, pamene ngakhale pamthunzi kutentha kumapitirira madigiri 40. Onjezani makoswe amene amatafuna mawaya m'denga, chinyezi cha dzinja chimene chimadetsa timano ta mutu wa waya, ndi mawaya otchipa olembedwa CCA, amene mkati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa. Waya wotere amatha kugwira bwino akakhala maso nthawi zonse, koma n'kumalephera pa kudzuka.

Njira yachidule yoyesera: nyamulani kompyutayo, muiike pafupi ndi switch, mulumikize ndi waya wamfupi wogula womangidwa kale. Ikasiya kuduka, sinthani waya wamtali uja kapena mangani mitu yatsopano. Ikapitiriza kuduka ngakhale pa waya wa mamita awiri, pitani ku EEE.

Pa Windows

Tsegulani Device Manager, pitani pa Network adapters, dinani kawiri pa khadi ya Ethernet, kenako pa tsamba la Advanced. Mndandanda umene muupeze umadalira driver, pulogalamu imene imayendetsa khadiyo. Makadi a Intel amalemba Energy Efficient Ethernet. Makadi a Realtek, amene ali m'makompyuta ambiri a m'maofesi athu, amakhala ndi zingapo: Energy-Efficient Ethernet, Advanced EEE, Green Ethernet, Gigabit Lite ndi Power Saving Mode. Yambani ndi ziwiri zoyambazo, muziike pa Disabled kapena Off. Netiweki iduka kamodzi pamene mukudina OK, musadabwe.

Green Ethernet si chinthu chimodzi ndi EEE, ngakhale ogulitsa amakonda kuziphatikiza. Iyo imayeza kutalika kwa waya n'kuchepetsa mphamvu yotumizira ikaona kuti waya ndi wamfupi. Pa waya wabwino zilibe kanthu. Pa waya wa CCA kapena wolumikiza pakati, kuyezako kumatha kuphonya. Ine ndimazimitsa chimodzi, n'kudikira tsiku lathunthu, ndisanakhudze china. Mukazimitsa zonse nthawi imodzi vuto litha ndithu, koma simudziwa chimene chimalakwa, ndipo likadzabuka pa kompyuta ina mudzayambiranso kufufuza.

Pali tsamba linanso, la Power Management, pamene pali mawu oti Allow the computer to turn off this device to save power. Amenewo akukhudza kompyuta yonse ikagona, osati kugona kwa waya. Ngati dandaulo lanu n'lakuti kompyuta ikadzuka netiweki siibwerera, chotsani chizindikiro pamenepo.

Amene mukusamalira makompyuta ambiri, monga chipinda cha makompyuta pa sekondale, PowerShell imafulumira. Itseguleni ngati administrator:

`Get-NetAdapterAdvancedProperty -Name "Ethernet"`

`Set-NetAdapterAdvancedProperty -Name "Ethernet" -RegistryKeyword "*EEE" -RegistryValue 0`

Werengani kaye zimene lamulo loyambalo latulutsa, chifukwa si driver aliyense amagwiritsa ntchito dzina la `*EEE`. Ena a Intel amalemba `EEELinkAdvert`. Umboni wa kuduka mumaupeza mu Event Viewer, pa Windows Logs kenako System. Pa makadi a Intel, uthenga wa nambala 27 umanena kuti kulumikizana kwaduka, ndipo uli ndi nthawi yake. Muwerenge kuti dzulo udabwera kangati, mudzafananize ndi mawa.

Pa Linux

Kuno zinthu zimaonekera poyera, ndipo ndimakonda kuyesera pa Linux ngakhale kompyuta ili ya Windows, poyiyatsa ndi flash, kuti ndidziwe ngati vuto likutsata driver kapena likutsata chitsulo. Pezani dzina la khadi ndi `ip -br link`. Tinene kuti ndi enp3s0. Lamulo la `ethtool -i enp3s0` likuuzani driver: r8169 ndi wa makadi a Realtek, e1000e ndi igb ndi a makadi a gigabit a Intel, igc ndi wa I225 ndi I226, r8152 ndi wa timakadi tambiri tolowetsa pa USB. Kenako:

`sudo ethtool --show-eee enp3s0`

Mzere wa EEE status ndiwo wofunika. Ukati enabled - active, mbali zonse zagwirizana ndipo waya akugona. Ukati enabled - inactive, kompyuta yanu ikufuna koma mnzake wa kutsidya sadavomere, choncho EEE sikugwira ndipo musataye nthawi nayo. Pansi pake pali mizere yoonetsa zimene khadi yanu ikulengeza ndi zimene switch ikulengeza. Poizimitsa:

`sudo ethtool --set-eee enp3s0 eee off`

Mupeza malangizo ena akuti mungolemba `tx-lpi off`. Zimenezo zimaletsa khadi yanu kuyambitsa kugona, koma imapitiriza kulengeza kuti imadziwa EEE, ndiye switch itha kumagonabe kumbali yake. Pofufuza vuto, zimitsani yonse.

Poyeza ngati mwathandizika, musadalire maso. Linux imawerenga yokha kuti waya waduka n'kulumikizika kangati:

`cat /sys/class/net/enp3s0/carrier_changes`

Lembani nambalayo papepala m'mawa, mudzaionenso madzulo. Ngati palibe adazula waya ndipo switch siidazime, isasinthe. Nthawi yeniyeni ya kuduka kulikonse ili mu `sudo dmesg -T | grep -i "link is"`. Onaninso `ethtool -S enp3s0 | grep -i err`. Manambala a zolakwika akamakwera ngakhale EEE yazima, bwererani ku waya.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti ethtool siisunga. Mukazimitsa kompyuta, EEE ibwerera. Pa Debian yogwiritsa ntchito fayilo ya `/etc/network/interfaces`, onjezani mzere uwu pansi pa khadiyo:

`post-up /sbin/ethtool --set-eee enp3s0 eee off`

Kwina konse, njira yosavuta ndi `sudo crontab -e`, n'kulemba:

`@reboot sleep 20; /usr/sbin/ethtool --set-eee enp3s0 eee off`

Onani ndi `which ethtool` kumene pulogalamuyo ili pa makina anu. Pa laputopu imene imagona n'kudzuka, yang'ananinso `--show-eee` ikadzuka. Amene muli ndi Raspberry Pi 3B+, monga ija ena amasungirapo mabuku a ana asukulu kumalo kopanda intaneti, ikani `dtparam=eee=off` mu fayilo ya config.txt n'kuyatsanso.

Chifukwa chiyani driver amalowa m'nkhaniyi

Mkati mwa khadi ya netiweki muli zigawo ziwiri. MAC ndi imene imakonza uthenga n'kulankhula ndi kompyuta. PHY ndi imene imakhudza waya weniweni. Kulengeza kuti "ndimadziwa EEE" ndi ntchito ya PHY: imalemba pa kaundula wake wa 7.60, n'kuwerenga yankho la mnzake pa 7.61. Koma kusankha nthawi yogona, ndi kudikira kuti mnzake adzuke asanatumize uthenga, kawirikawiri ndi ntchito ya MAC. Driver ndiye amayenera kuziyanjanitsa ziwirizi.

Apa ndi pamene pamabadwira mavuto ovuta kuwaona. Ma PHY ena amayamba kulengeza EEE akangoyaka, osadikira kuuzidwa. Ngati MAC yomwe alumikizidwa nayo siidziwa za kugonaku, kapena driver sadalembedwe kuti azisamalira, switch imakhulupirira kuti zonse zili bwino n'kuyamba kugona, pamene mbali inayo siidakonzeke. Olemba Linux adaika njira yoletsera zimenezi pa timakina tating'ono monga ma router: mu device tree amalemba `eee-broken-1000t` kapena `eee-broken-100tx`, ndipo PHY imaleka kulengeza. Tsono mukalemba `--show-eee` n'kuyankhidwa kuti Operation not supported, musafulumire kunena kuti EEE kulibe. Zikungotanthauza kuti driver sakukupatsani poigwirira. Zikatero muyenera kuizimitsira ku switch.

Nkhani zotere zimagwera ngakhale makampani akuluakulu. Mu 2023 a Intel adavomereza kuti makadi a I226-V ankaduka pa makompyuta ena atsopano, ndipo uphungu umene adapereka poyamba udali womwewu, wozimitsa EEE. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuika driver watsopano kuchokera kwa amene adapanga khadi kapena kompyutayo, komanso kernel (phata la Linux, mmene muli ma driver) yatsopano pa Linux. Koma dziwani kuti driver watsopano akalowa, kaya mwamuika nokha kaya wabwera ndi Windows Update, zimene mudasintha pa Advanced zitha kubwerera mwakale. Vuto limene lidatha miyezi itatu yapitayo likayambanso mwadzidzidzi, yambani mwaona pamenepo.

Pamene kompyuta palibe

Waya wochokera pa switch kupita ku printer, ku kamera kapena ku router alibe Device Manager. Ngati switch ili yotheka kuisintha, lowani pa tsamba lake mufufuze mawu oti EEE, 802.3az kapena Green Ethernet, muzimitse pa port yokhayo. Pa ma switch a Cisco Catalyst lamulo lake pa port ndi `no power efficient-ethernet auto`. Kuzimitsa EEE sikukhudza magetsi a PoE, aja opita ku kamera kudzera pa waya wa netiweki womwewo, zimenezo n'zosiyana. Ngati switch ili yosasinthika ndipo chipangizo chinacho chilibe poizimitsira, yesani kuchilumikiza pa router mwachindunji, kapena bwerekani switch ya mtundu wina muyese musanagule. Kawirikawiri vuto limakhala la zipangizo ziwiri zimene sizimvana, ndipo chilichonse mwa izo chimagwira bwino chikakumana ndi china.

Ndikuchenjezeni za njira imodzi imene ndaiona ikuononga zambiri: kukakamiza liwiro pa 100 Mbps Full Duplex pa kompyuta. N'zoona kuti EEE imazima mukatero, popeza kugwirizana kwa mbali ziwiri kwaletsedwa. Koma switch ikasiyidwa pa auto imagwera pa half duplex, kutanthauza kutumiza ndi kulandira mosinthana osati nthawi imodzi, ndipo netiweki imayamba kukwawa, mafayilo osatha kukopeka. Mwachotsa kuduka n'kubweretsa matenda ena ovuta kuwapeza. Siyani Speed & Duplex pa Auto Negotiation.

Ngati EEE yazima, waya ndi watsopano, switch ili pa UPS, koma ikudukabe, patsala kugona kwa mtundu wina. Khadi imalumikizana ndi kompyuta kudzera pa PCI Express, imene nayo ili ndi kasungidwe kake ka magetsi kotchedwa ASPM. Pa Windows pitani pa Power Options, mu advanced settings, pa PCI Express, muike Link State Power Management pa Off. Pa Linux yesani kuyatsa ndi `pcie_aspm=off`, kapena muzimitse mu BIOS. Timakadi ta USB timavutika ndi USB selective suspend, imene ili pa tsamba lomwelo la Power Options.

Nanga batire?

Nditamaliza pa Nchalo paja, mayi aja adafunsa funso limene ndimaliyembekezera: "Ndiye mwazimitsa chopulumutsa magetsi, batire langa silizitha msanga?" Funsoli n'lomveka. Chichokereni pamene namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa pafupifupi ma megawati 130 pa magetsi a dziko lino kwa nthawi yoposa chaka, anthu ambiri kuno adaphunzira kuwerenga wati iliyonse ya sola.

Tidawerengera limodzi. Port imodzi ya gigabit simadya wati yathunthu, ndipo EEE imangopulumutsako gawo. Titenge kuti ndi theka la wati. Pa maola 10 a ntchito ndi ma watt-hour 5. Batire la 12V 100Ah limasunga ma watt-hour 1,200 polemba, ngakhale simuyenera kulikhetsa lonse. Fani imodzi ya patebulo imadya ma watt-hour 5 amenewo m'mphindi zochepa chabe. Kuchepetsa kuwala kwa sikirini kungakupulumutsireni zambiri kuposa pamenepo.

Sindikunena kuti EEE ndi yachabe. Pa nyumba ya maofesi yokhala ndi ma port mazanamazana oyaka usana ndi usiku, timatheka ta wati timeneti timaunjikana, ndipo switch siitentha kwambiri, zimene kuno si nkhani yaing'ono. Choncho pamene ikugwira bwino ndimaisiya. Pa shopu ija, mwa makompyuta anayi, ndidazimitsa pa imodzi yokha imene inkaduka, ndipo waya wake wa m'denga ndidamumanga mitu yatsopano chifukwa timano tidali titada. Ndidamata kapepala pambali pa kompyutayo kolembapo tsiku, zimene ndidasintha, ndi kuti aliyense woika Windows mwatsopano azimitsenso EEE pa Advanced. Router yakale ija, imene idalibe vuto, mayi adaibweza m'katoni kuti idzathandize yatsopanoyo ikadzafa.